Mphunzitsi Waluso wa Mbiri ya Dziko Timamudziwira Pati?

Phunziro la lero ndi lanu inu amene mawa mudzakhale akulu a sukulu kapena oyendera masukulu. Tsiku lina adzakuuzani kuti musankhe mphunzitsi woyenera mphotho pa phunziro la mbiri ya dziko lathu. Mudzayang'ana chiyani?

Ambiri amathamangira ku zotsatira za mayeso a MANEB. Zotsatirazo n'zofunika, koma kawirikawiri zimangoonetsa kuti ana analoweza. Mwana akhoza kukhoza MSCE osadziwa chimene chinachititsa anthu a ku Chiradzulu kunyamula mikondo. Ndiye tiyeni tilowe m'kalasi momwemo, titenge mutu umene mphunzitsi aliyense wa mbiri amaudutsa: kuukira kwa John Chilembwe.

Mphunzitsi wina amalemba zonse pa bolodi molondola. Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, anabwerako mu 1900 n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero n'kupha woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa akulowera cha ku malire a Mozambique. Ana amakopera, belu n'kulira. Palibe chimene walakwa, komanso palibe choti mum'patsire mphotho.

Mnzake amabwera ndi nkhani yomweyo koma ali ndi funso m'manja. Amauza ana kuti mu Novembala 1914 Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda osauka akukafera nkhondo ya azungu imene sadzapindula nayo kanthu. Amawafotokozera za thangata, ntchito imene anthu okhala pa malo a esiteti ankagwira m'malo mwa lendi, za msonkho wa nyumba, ndi za matchalitchi a udzu a Chilembwe amene Livingstone ankawotcha. Kenako amafunsa kuti mwa zonsezi, chimene chinafikitsa anthu pakuti zakwana n'chiti. Kalasi imagawanika. Aliyense akanena maganizo ake, mphunzitsi amangoti, "Umboni wako uli pati?" Mukamva funso limeneli m'kalasi, ndipo ana osadabwa nalo chifukwa analizolowera, dziwani kuti mwapeza chizindikiro choyamba.

Chachiwiri n'chakuti mphunzitsi waluso amaonetsa ana amene anasimba nkhaniyo. Boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe lofufuza, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1916. Linavomereza kuti Livingstone ankachita nkhanza, koma linakayikiranso mipingo yoyendetsedwa ndi anthu akuda okha. George Simeon Mwase analemba nkhani yomweyi mu 1932 ali m'ndende ku Zomba, atamva kwa mkaidi mnzake amene anali nawo pa kuukirako, ndipo iye anaonetsa Chilembwe ngati munthu amene ankadziwa kuti afa koma anasankha kufera anthu ake. George Shepperson ndi Thomas Price anatulutsa buku lawo la Independent African mu 1958. Sikuti ana a Folomu 2 awerenge zonsezi. Chofunika n'chakuti adziwe kuti mzungu wa boma ndi mkaidi wa ku Zomba sangasimbe nkhani imodzi mofanana, ndipo aphunzire kufunsa kuti wolembayu anaima mbali iti. Pano ndionjezepo kanthu kakang'ono: mwana wa m'kalasi yotereyi ndi amene amakweza mkono kufunsa chifukwa chake timakumbukira Chilembwe pa 15 Januwale pamene kuukirako kunayamba pa 23.

Chachitatu ndi kulimba mtima kophatikiza ndi chilungamo. Za Chilembwe n'zosavuta, poti tonse timam'lemekeza, nkhope yake ili pa ndalama yathu. Koma nanga mpatuko wa nduna wa mu 1964? Nanga imfa ya andale anayi ku Mwanza mu 1983? Apa ndi pamene mphunzitsi wamantha amathamanga, ndipo wokondera amasandutsa kalasi kukhala msonkhano wa chipani. Woyenera mphotho amayala zimene zikudziwika, n'kutuma ana kukafunsa agogo awo amene anavota pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 kuti tsikulo anaona chiyani.

Mayiko ena amapereka kale mphotho zotere. Ku United States, bungwe la Gilder Lehrman Institute of American History lakhala likupereka mphotho ya mphunzitsi wa mbiri wa chaka kuyambira 2004, ndipo wopambana m'dziko lonse amalandira mphotho ya ndalama. Chimodzi mwa zimene amayang'ana ndi mmene mphunzitsi amagwiritsira ntchito makalata ndi zolembedwa za nthawi imene akuphunzitsayo. Ife ndalama zotere tilibe, koma muyezowo tikhoza kuutenga, bola tikumbukire kuti mphunzitsi wa ku CDSS amene ana ake amalimbirana buku limodzi sitingam'yeze ngati wa kusukulu imene ili ndi laibulale.

Ntchito yanu sabata ino nayi. Pemphani chilolezo mukakhale kumbuyo kwa kalasi ya mbiri, mulembe mafunso onse amene ana afunse, osati amene afunse mphunzitsi. Mukatero muwerenge makope a ana atatu, muone ngati mayankho awo akufanana liwu ndi liwu kapena aliyense waganiza yekha. Mubwere nazo Lolemba tidzakambirane.