Liu Limodzi, Matanthauzo Ambiri

M'Cinyanja liu lakuti "kuuma" limanenedwa pa nkhuni, pa mtsinje, ndiponso pa mtima wa munthu. Cingerezi naco ciri ndi mau otere, ndipo limodzi la iwo ndilo "hard". Wophunzira amene adziwa tanthauzo limodzi lokha la liuli amasokera msanga powerenga.

Tanthauzo loyamba ndilo "colimba". Mwala wa mphero ndi citsulo ca khasu ziri "hard". Daimondi ndiye mwala wolimba koposa miyala yonse, kotero kuti amadula galasi. Liu lotsutsana nalo pamenepa ndilo "soft", ndiko kuti cofewa.

Tanthauzo laciwiri ndilo "cobvuta". Funso lozunguza mutu licedwa "a hard question". Pano lotsutsana nalo ndi "easy", capafupi. Mwana akati "a soft question" walakwa, pakuti funso silikhudzidwa ndi manja.

Liuli linenanso za zowawa. "A hard man" ndiye munthu wouma mtima, wosamva kupempha kwa mnzace. "Hard times" ndiwo masiku a njala ndi usiwa. Woweruza akagamula "hard labour", wolakwayo akagwira nchito yakalavula gaga m'ndende.

Nanga madzi angakhale bwanji olimba? "Hard water" ndiwo madzi amene ayenda m'miyala ya laimu, nasungunulako pang'ono. Madzi otere sautsa thobvu la sopo msanga, ndipo amasiya zoyera m'ketulo. Madzi a m'zitsime za ku Lusaka ali otere, popeza mzindawo unamangidwa pa miyala imeneyi. Madzi a mvula acedwa "soft water".

Koma msampha waukulu uli pa liu lakuti "hardly". "He works hard" ndiko kuti agwira nchito mwakhama, koma "He hardly works" ndiko kuti kugwira kwace nkosawerengeka. Mnyamata wolembera mkulu wace kalata yofunira nchito, akasokoneza mau awiriwa, wamchula mbale waceyo waulesi, ndipo zilembo ziwiri zokha zammanitsa nchito.

Cifukwa cace wophunzira wanzeru sathamangira kumasulira. Ayamba wayang'ana liu limene liri pambali pa "hard", kaya ndi mwala, kaya funso, kaya munthu, pakuti ndilo liulula tanthauzo loyenera. Akuluakulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

MAFUNSO

1. Chulani mau awiri a Cingerezi otsutsana ndi "hard", ndi kunena pamene liri lonse ligwira nchito.
2. Kodi mai wocapa zobvala angazindikire bwanji "hard water"?
3. Masulirani m'Cinyanja: "a hard bed", "a hard lesson", "a hard master".
4. Kodi "She hardly eats" ndiko kutani?
5. Lembani ziganizo zitatu zoonetsa matanthauzo osiyana a liu lakuti "kulemera".