Makalata a Omvera: Kuluka Juzi, Foni ndi Laibulale

Zikomo mayi athu a ku Dedza chifukwa cha kalata yanu. Mukuti mwana wanu wakuuzani kuti laibulale inatha ntchito, popeza maluso onse oluka ali pa YouTube. Zoonadi, makanemawo amathandiza: mumaona mmene zala zikugwirira singano ndi ulusi, n'kubwereza pamene mwasokonezeka. Koma bandulo imatha musanamalize ngakhale mkono umodzi wa juzi, ndipo magetsi akathima foni nayo siikhalitsa. Buku mumaliyika pamiyendo n'kuwerenga mizere mwachifatse, popanda kugula bandulo. Pitani ku nthambi ya National Library Service imene ili pafupi nanu, mukafunse mabuku a zolukaluka. Masamba amene akusangalatsani muwajambule ndi foniyo. Yambani msanga mayi, chisanu cha mu Juni chisanafike.