Kuyeza Nyumba Mvula Isanagwe

Ana inu, tsekani makope kaye mumvetsere. Nonse mukukumbukira Malichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka. Phiri la Soche linagumuka, matope ndi miyala ikuluikulu n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, pafupi ndi kwathu kuno ku Nancholi. Pa 13 Malichi, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti m'maboma akumwera mwagwa ngozi. M'dziko muno munafa anthu oposa 600, ndipo ena mazanamazana sanapezeke. Lero ndikufuna mudziwe kuyang'ana nyumba n'kuzindikira ngati ingapirire mvula yotere.

Woyeza nyumba wodziwa ntchito yake sathamangira makoma. Amayamba waona pamene nyumbayo yakhala.

Napolo si wachilendo kuno. Anasesa Zomba mu 1946, anatsikanso m'phiri la Michesi ku Phalombe mu 1991 n'kupha anthu ambiri. Amayamba chonchi: dothi la paphiri limamwa madzi mpaka kukhuta, limalemera, kenako limatsetsereka pamwamba pa thanthwe limene lili pansi pake. Mizu ya mitengo ndiyo imaligwira, koma mitengo ya m'Soche ndi m'Ndirande tinaimaliza ndi nkhwangwa. Likangoyamba kuyenda limatsata khwawa, likukokolola miyala. Ndiye mukafika panyumba, imani pabwalo muyang'ane kumtunda. Kodi pali khwawa lolunjika pakhomo panu, ngakhale louma? Nanga miyala ikuluikulu imene mumasewerapo ija inafika bwanji pamenepo? Nthawi zambiri inatsika ndi napolo wakale, ndipo njira imene anadzera angaidzerenso. Nyumba ya pamalo otere, kaya ndi ya simenti wochuluka bwanji, siingalimbe. Chofunika n'kuchokapo basi.

Sindikunyoza makolo amene anamanga m'malo amenewa. Malo abwino mu Blantyre ndi odula, ndipo munthu amamanga pamene thumba lake lafika. Koma zoona ziyenera kunenedwa, chifukwa ogonamo ndinu.

Zungulirani kuseri. Ambiri akafuna malo osalala amadula chitunda, n'kusiya chikhoma cha dothi chitaima chilili kumbuyo kwa chipinda chogona. Chikanyowa chimagwera nyumba. Onani ngati chili ndi khoma la miyala lochigwira, lokhala ndi timabowo totulutsa madzi, komanso kumene madzi a padenga la oyandikana nawo akumtunda amathera.

Tsopano nyumba yeniyeniyo. Nyumba zambiri zimene zimagwa m'dzinja sizikumana n'komwe ndi napolo. Zimadyedwa ndi madzi kumunsi. Zidina zikakhala m'madzi zimabwerera kukhala matope. Njerwa zootcha nazo, ngati anazimanga ndi dothi m'malo mwa simenti, zimalekana. Gwadani muone maziko: atuluke pamwamba pa nthaka, madzi oyenda asamakhudze khoma. Khonde ndi denga lotulukira kunja zimateteza khoma ku mvula yamphepo. Ngalande ikhalepo, ndipo isatsekeke ndi zinyalala.

Pa ming'alu pokha ndichedwepo. Kamng'alu kopyapyala ka pulasitala sikoopsa kwenikweni. Woopsa ndi uja woyenda mopendekeka kuchokera pakona ya zenera kapena ya chitseko, wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe. Ameneyo akukuuzani kuti nthaka ya pansi ikusuntha. Lembani chizindikiro ndi pensulo pamene wathera, mulembenso tsiku. Mukapeza kuti wapitirira chizindikirocho, kapena chitseko chayamba kuvuta kutseka, uzani akuluakulu tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso mukaona mtengo kapena pholo la magetsi likupendekera kumunsi, kapena madzi akutumphuka pamene panalibe kasupe.

Muwerengenso anthu a m'nyumbamo. Agogo, khanda, wodwala: ndani adzawanyamule usiku magetsi atazima, ndipo adzadzera njira iti yosawoloka mtsinje? A zanyengo ndi a DoDMA, oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, akachenjeza pa wailesi, nthawi yokambirana zimenezi imakhala itatha.

Ntchito yokachita kunyumba nayi. Jambulani nyumba yanu, muonetse kumtunda ndi kumunsi, njira ya madzi, ming'alu imene mwapeza, ndi kumene mungathawire. Mufunsenso munthu wachikulire wa m'dera lanu kumene madzi anadzera mu 2015 ndi mu 2023. Mubwere nazo Lolemba, tidzaziike pamodzi tipange mapu a dera lathu.