Malangizo: Kukwera Bwato la Tanga ndi Mdzukulu

Inu agogo amene mukufuna kukweza mdzukulu bwato la tanga koyamba ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, tcherani khutu.

Nyamukani m'mamawa nyanja idakali bata. Chenjerani ndi miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, pamene mwera umautsa mafunde akuluakulu pa Nyanja ya Malawi. Mwanayo avale jekete yoyandamitsa ya msinkhu wake asanaponde m'bwato, ngakhale amadziwa kusambira. Akhale pansi pakati pa bwato ndipo aziweramitsa mutu tanga likamatembenuka. Musatalikire gombe. Mugwiritseniko chingwe cha tanga kuti amve m'mene mphepo ikukokera. Akachita mantha kapena nseru, bwererani kumtunda osamukalipira.

Muyende bwino, agogo.