MWANA WA MPHATSO

M'sukulu iri yonse mumapezeka mwana amene mutu wace ugwira msanga koposa anzace. Aphunzitsi asanathe kulemba samu pa bolodi, iye wapeza kale yankho. Buku limene ena aliwerenga mwezi wathunthu, iye alitha masiku atatu, nayamba kufunsa mafunso amene mulibe m'bukumo. Mwana wotere timati ali ndi mphatso. Kapena mumdziwa wina wotere m'kalasi mwanu. Kapenanso ndinu amene.

Mphatso siziri za mtundu umodzi ai. Wina ali ndi mphatso ya masamu, wina ya zinenero, wina ya kujambula, wina ya kuyimba. Mnyamata amene apanga galimoto ya waya yokhota bwino mapazi onse, ameneyonso ali ndi mphatso, ngakhale kulemba kumamvuta. Akulu anati, "Ukaipa dziwa nyimbo."

Alimi a kuno ku Chipata adziwa kuti nshawa za Chalimbana ndi mbeu yabwino. Koma mukazisunga m'nkhokwe osazibzala, kapena mukazibzala osazipalira, simudzakolola kanthu. Mphatso ya mwana iri cimodzimodzi: ifuna pobzala ndi woipalira. Tiyeni tione m'mene ana otere anathandizidwira m'dziko lathu, kale ndi tsopano.

Njira yopapatiza ya kale

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anafika ku Magwero m'caka ca 1899, ndipo mu 1903 anamanga mishoni yina ku Madzimoyo. Iwo anatsegula timasukulu m'midzi, m'mene ana anali kuphunzira kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Mphunzitsi wa kumudzi akaona mwana wocenjera, anali kumtumiza ku mishoni kuti akapitirire. Ambiri a iwo anasanduka aphunzitsi ndi alaliki.

Ku Magwero komweko, m'caka ca 1905, Mai Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa ana osaona. Imeneyo ndiyo sukulu yoyamba ya osaona m'dziko muno. Anthu ambiri anali kuyesa kuti mwana wosaona sangaphunzire kanthu, koma anadabwa poona anawo alikuwerenga ndi zala zao. Cinthu ici citiphunzitsa kuti mphatso imabisala ngakhale mwa mwana amene anthu sam'yembekezera.

Masiku amenewo mwana akatha Standard 6, njira inali kuthera pomwepo. Kufikira caka ca 1939 Boma linalibe sukulu ya sekondale ya ana a Ciafirika. M'caka cimeneco anatsegula kalasi ya sekondale ku Munali, mu Lusaka, ndi anyamata ocepa okha. Kuti mnyamata alowe kumeneko anayenera kupambana anzace ambirimbiri pa mayeso. Akasankhidwa, anali kunyamuka ku Fort Jameson, ndilo dzina lakale la Chipata, pa ulendo wa makilomita oposa 500, pa mseu wafumbi, kuoloka Luangwa ndi kukwera mapiri, osaonanso amai ace kwa miyezi yambiri. Atsikana ndiwo anacedwa koposa: kalasi yao yoyamba ya sekondale inayamba ku Chipembi mu 1946.

Cifukwa ca kupapatiza kwa njira imeneyi, pamene Zambia analandira ufulu mu 1964, anthu a dziko lino amene anali atatha maphunziro a ku yunivesite anali ngati 100 okha. Kodi muyesa kuti anthu anzeru anali omwewo basi? Iai. Anzeru anali ambiri m'midzi monse, koma anakalamba alikuweta ng'ombe ndi kulima fodya m'mafamu, popeza panalibe wowatsegulira khomo.

Mnyamata amene anapeza omthandiza

Mmodzi wa amene anapyola pa njira yopapatizayo ndiye Rupiah Banda. Makolo ace anali a kuno kum'mawa, koma anapita ku Southern Rhodesia, kumene tsopano timati Zimbabwe, kukafuna nchito. Iye anabadwira komweko, ku Gwanda, mu 1937. Makolowo sanali olemera. Koma mlaliki wina wa mpingo wa Dutch Reformed anaona kuti mnyamatayo ali ndi mutu wabwino, namthandiza pa maphunziro ace. Pambuyo pace banja lina la Amwenye linamthandizanso.

Motero anafika ku Munali, ndipo atatha kumeneko anapeza mwai wokaphunzira ku Addis Ababa, m'dziko la Ethiopia, ndi ku Lund, m'dziko la Sweden. Atabwerako anatumikira Zambia monga kazembe ku Egypt ndi ku America, nakhalanso nduna yoona za maiko akunja. Kuyambira 2008 kufikira 2011 anali Mtsogoleri wa dziko lino. Anamwalira mu 2022.

Taganizani: mlaliki uja akadapanda kusamala mwana wa eni ace, nkhani iyi ikadatha bwanji? Zoona, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Makomo amene ali otseguka lero

Inu muli ndi mwai woposa wa agogo anu. M'cigawo cathu ca Kum'mawa muli masukulu a sekondale ambiri. Ena ochuka ndiwo Chizongwe ndi St. Monica's mu Chipata, ndiponso Chassa ca ku Sinda. Ku Chizongwe aikako mtima kwambiri pa sayansi ndi nchito za umisiri. Palinso masukulu ena amene alandira ana opambana koposa ocokera m'zigawo zonse za Zambia, monga Hillcrest ku Livingstone ndi David Kaunda mu Lusaka. Kumeneko mwana wa ku Chadiza akhala pa benchi limodzi ndi mwana wa ku Mongu, ndipo nzeru zao zimanolana monga mpeni pa mwala. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, kotero kuti sikufunikanso kuoloka nyanja kuti munthu akhale dotolo kapena injiniya.

M'masukulu ambiri muli kabungwe kochedwa JETS, kamene kanayamba m'Zambia mu 1968. M'kabungweka ana okonda sayansi ndi masamu amapanga zinthu za m'mutu mwao, naziika pa cionetsero. Opambana pa sukulu apita kukapikisana ndi a m'boma lonse, kucoka apo a m'cigawo, ndipo potsiriza a m'dziko lonse. Ngati pa sukulu panu palibe kabungwe kameneka, pemphani aphunzitsi anu mwaulemu kuti akayambitse.

Nanga za ndalama? Kuyambira Januwale 2022 Boma linacotsa fizi m'masukulu ace kufikira kumapeto kwa sekondale. Pa sukulu yogonera komweko cakudya ndi pogona zimalipiridwabe, koma ana amasiye ndi a mabanja osauka angathe kupempha thandizo ku thumba la citukuko la CDF, kudzera ku komiti ya citukuko ya m'wadi mwao. Mtsikana amene analeka sukulu cifukwa ca pathupi, kuyambira 1997 aloledwa kubwerera ku sukulu mwana atabadwa.

Ngakhale ziri conco, mphatso zambiri zitayikabe. Mtsikana woyamba m'kalasi akwatiwa asanakule. Mnyamata wodziwa masamu ajomba miyezi iwiri cifukwa ca ng'ombe, ndipo pobwera apeza anzace apita patali. Wina asankhidwa, koma kwao sadziwa kumene angapemphe thandizo, ndipo malo ace apita kwa wina. Cifukwa cace mau amene mwawerengawa mukawafotokozere makolo anu ndi a mfumu a m'mudzi mwanu.

Mau kwa inu nonse

Iwe amene uli ndi mphatso, usadzikuze. Sunaigule ai. Ukatha nchito yako msanga usayambe phokoso, koma pempha aphunzitsi akupatse yina yobvutirapo, kapena akubwereke buku. Usaope kulakwa, pakuti amene acita zapafupi zokhazokha nzeru zace zimabuntha. Mnzako akalephera samu usam'seke. Khala naye pansi um'longosolere, ndipo udzaona kuti nawenso waimvetsa koposa kale. Dziwanso kuti wa mphatso waulesi amapitiriridwa ndi wocedwa wakhama.

Inu anzace, musam'cite nsanje kapena kum'nena kuti ali ndi mankhwala. Mukam'seka, adzayamba kubisa nzeru zace kuti mum'konde, ndipo mudzi wonse udzaluza. Dotolo amene adzaciza amai anu m'cipatala ca Chipata zaka zirinkudza, kapena ndi yemweyo amene wakhala pambali panu lero. M'malo mwa nsanje, funafunani mphatso yanu inunso, pakuti iripo.

Mafunso

1. Chulani mitundu inai ya mphatso imene mwana angakhale nayo.
2. Kodi cinayamba n'ciani ku Magwero mu 1905? Citiphunzitsa ciani?
3. Cifukwa ninji anthu otha maphunziro a ku yunivesite anali ocepa mu 1964?
4. Ndani anathandiza Rupiah Banda pa maphunziro ace?
5. Mwana wamasiye wasankhidwa kupita ku sukulu yogonera komweko. Kodi angapemphe kuti thandizo?

Zocita

Funsani agogo anu kapena munthu wina wacikulire za mnzace wanzeru amene analeka sukulu panjira. Cinam'lepheretsa n'ciani? Lembani nkhaniyo m'makope mwanu, osachula dzina lace, ndipo muwerengere anzanu mawa.