Malima Awiri Kapena Mahekitala Awiri? Mafunso ndi Mayankho pa Malangizo a Zida za AI

Kodi ejenti wa AI ndani?

Ndi pulogalamu ya pakompyuta kapena pafoni imene imatha kutumidwa. Mungamuuze ejentiyu kuti awerengere fataleza wa munda wanu, afufuze mtengo wa chimanga, kapena atumize ndalama. Ntchitozi amazigwira ndi timapulogalamu tina totchedwa zida.

Amadziwa bwanji chida choti agwiritse ntchito?

Amawerenga. Chida chilichonse chili ndi dzina, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi mndandanda wa zimene chiyenera kupatsidwa. Ndi mmene zilili mu Model Context Protocol, njira yolumikizira AI ndi zida imene kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024. Za mkati mwa chida ejenti saziona. Ali ngati mnyamata amene wayamba ntchito lero m'shopu ya mbewu pa boma la Nyimba, mwini wake wamusiyira kapepala n'kukwera basi ya ku Lusaka. Zosalembedwa pakapepalapo adzangochita zoganizira.

Nanga malangizo oipa amaoneka bwanji?

Tiyerekeze chida chowerengera fataleza chimene malangizo ake angoti "lembani kukula kwa munda". Mayi wa ku Petauke wanena kuti ali ndi malima awiri. Lima ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, koma chidacho chinapangidwa kuti chilandire mahekitala, ndipo palibe pamene zalembedwa. Ejenti aika 2. Yankho libwera la mahekitala awiri, amene ndi malima 8, ndipo mayiwo auzidwa kugula matumba a D Compound ndi urea ochuluka kanayi kuposa ofunika. Palibe chenjezo lililonse, chifukwa masamu ake ndi olondola. Ichi n'chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri: cholakwa chotere chimatuluka chooneka bwinobwino, ndipo wolipira ndi mlimi.

Kwathu kuno ku Zambia miyeso ndi yambiri. Chimanga chimagulitsidwa pa meda, pa chitini, ndiponso pa thumba la makilogalamu 50 limene a bungwe la boma la FRA amagula. Ndalama nazo, "kwacha" ili ku Zambia, ilinso ku Malawi, ndipo mphamvu zake n'zosiyana kutali. Malangizo abwino amatchula muyeso ndi kupereka chitsanzo: mahekitala, lima imodzi lembani 0.25.

Ngati malangizo alembedwa bwino, basi zatha?

Ayi. Chida chiyenera kuchitadi zimene zalembedwazo. Mu Seputembala 1999 bungwe la NASA linataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa pulogalamu ina inkatulutsa manambala a mphamvu m'mapaundi pamene malangizo ankafuna manyutoni. Woyesa malangizo aziyendetsa chidacho n'kuyerekeza zotuluka ndi zolembedwa.

Bwanji pa nkhani ya ndalama?

Apa malangizo anene poyera kuti chinthu chikachitika n'chovuta kubweza. Aliyense amene anatumizapo ndalama pa Airtel Money kapena MTN MoMo ku nambala yolakwika akudziwa. Chida choona ndalama zotsala ndi chida chotumiza zikhale ndi maina osasokoneza, ndipo palembedwe kuti ejenti ayambe wafunsa mwini ndalama. Palembedwenso zochita netiweki ikaduka pakati, monga zimachitikira m'midzi yotalikira msewu wa Great East. Popanda mawu amenewa ejenti akhoza kutumiza kachiwiri zimene zinapita kale.

Chida chikakana, chiziyankha chiyani?

Chinene chimene chalakwika. Kungoti "zakanika" sikuthandiza. Chikati "nambala ya chitupa cha NRC ikhale ya manambala 6, kenako 2, kenako 1", ejenti amakonza yekha.

Ndiye tingayese bwanji malangizo tisanawadalire?

Apatseni munthu amene sanachionepo chidacho, mwina mlangizi wa zaulimi kapena mlembi wa kopaletivu, ndipo muone ngati angachigwiritse ntchito osafunsa. Pamene iye wakayikira, lembani bwino. Kenako sonkhanitsani zopempha zenizeni monga mmene anthu amalankhulira pamsika wa nthochi wa Nyimba, m'Chinsenga, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi chosakaniza, mumupatse ejenti. Onani ngati wasankha chida choyenera, ngati waika muyeso woyenera, ndi ngati wafunsa pamene pempho silinamveke. Ikanimo dala zovuta: munda wonenedwa m'maekala, mtengo wopanda dzina la ndalama, nambala ya foni yopanda +260. Mukasintha mawu ena m'malangizo, bwerezani mayeso onsewo, chifukwa kukonza chida chimodzi kumatha kumuchititsa ejenti kusiya chinzake chimene ankachisankha bwino.