Mjigo wathu ukutulutsa madzi amchere, titani?

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ngabu, m'boma la Chikwawa. Akuti madzi a pamjigo wawo ndi amchere, tiyi sakoma, sopo sachita thovu. Kodi akawawiritsa mcherewo utha?

Katswiri: Mayi, sungani nkhuni zanu. Mukawiritsa, yomwe imachoka ndi nthunzi, mchere umatsala mumphika, ndiye madzi otsalawo amakhala amchere kuposa poyamba. WaterGuard naye amapha tizilombo basi, mchere saukhudza. Ku Chigwa cha Shire kumatentha kwambiri, ndipo m'malo ambiri madzi apansi ali pafupi. Dzuwa limawaumitsa, mchere n'kumaunjikana m'dothi, wina n'kumasungunuka kuchokera m'miyala yapansi. Bungwe la WHO limati mchere ukapitirira galamu 1 pa lita, madzi amayamba kukanika kukhosi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti anthu akanyansidwa ndi mjigo amabwerera kumtsinje, komwe kuli ng'ona ndi kolera. Kolera wa 2022 ndi 2023 sitinamuiwale. Ngati mwatunga kumtsinje, pamenepo ndiye wiritsani kapena thirani WaterGuard, osaphonya.

Muulutsi: Wapampando wa komiti ya mjigo ku Nsanje akuti anamva za makina a sola ochotsa mchere. Ndi zoona?

Katswiri: Ndi zoona, bambo. Amatchedwa reverse osmosis. Pampu imakankha madzi mwamphamvu kudutsa pa sefa yothina kwambiri, moti madzi amadutsa koma mchere umakanika. Mwayi wanu ndi wakuti madzi a m'mijigo yathu sali ngati a m'nyanja ya Indian Ocean, omwe ali ndi magalamu pafupifupi 35 pa lita. Athuwa safuna mphamvu zochuluka choncho, ndipo dzuwa la ku Nsanje likukwanira.

Koma ndikupemphani, musanavomere makinawo, khalani pansi monga komiti. Sefa imatsekeka ndi matope ndi layimu, imafuna kutsukidwa, ndipo pakapita zaka zingapo imafuna ina. Adzagula ndani? Amene adzakonze akawonongeka ali kuti, pa boma pomwepo kapena ku Blantyre? Ngati zopereka za pamwezi zimavuta kale pogula marabala a pampu, nkhani ya ndalamayi muyambe nayo. Chinanso chomwe ambiri sauzidwa: makinawa amatulutsa madzi mbali ziwiri. Mbali ina abwino, mbali ina amchere woopsa. Mukawataya paliponse apha dimba, kapena alowanso pansi n'kubwerera kumjigo womwewo. Akufunika dziwe lowaka bwino loti aziumiramo. Ndipo madzi osefedwawo asungireni kumwa ndi kuphikira. Kuchapa ndi kukolopa, a pamjigo osasefa aja akwanira.

Muulutsi: Mnyamata wa ku Nchalo akufunsa mwachidule: bwanji osangokumba mozama?

Katswiri: Achimwene, kuzama si mankhwala. Malo ena mukapita pansi mchere umachuluka. Kawirikawiri madzi abwino amapezeka pafupi ndi mitsinje yamchenga, pomwe madzi a mvula amalowa pansi chaka chilichonse, ndipo mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi imatha kusiyana kukoma. Pitani ku ofesi ya zamadzi kwa DC, mukawapemphe kuti ayeze madzi a mijigo yozungulira musanalipire wokumba. Amene muli ndi denga la malata, ikani thanki mukolole madzi a mvula, chifukwa amenewo alibe mchere.